Kamfuti kokwana m'chikwama

Chaka chimene anandilanda chikwama panjira, bambo a kunyumba analumbira kuti bizinesi yanga ya nyemba yathera pomwepo. Ine kwathu ndi ku Kasungu, koma ndinakwatiwa ku Champhira, kumene amalankhula Chitumbuka. Nyemba ndinkagula m'midzi ya kumeneko n'kumakagulitsa pamsika wa ku Boma. Tsikulo ndinkachokera kogulitsa, ndatsika minibasi, ndili pa kabaza kulowera kumudzi, dzuwa lili paliwombo. Anyamata awiri anangoti tulukiru m'tchire, zikwanje m'manja. Wakabaza uja anataya njinga n'kuliyatsa liwiro, ine n'kutsala chilili. Sanandimenye. Anangotenga chikwama, mpamba wonse uli momwemo, ndi banzi la mwana wanga lomwe. Musaseke, banzilo linandipweteka mtima kwambiri.

"Mayi, pamsewu simudzapondanso," anatero bambo aja.

"Ndiye tizidya chiyani, nkhope yanuyo?"

Pakamwa panga ndi potero, sindibisa. Tinakokanakokana mpaka chimanga chinauma m'munda. Mapeto ake anagonja, koma mwa theka. Anati ngati ndikufuna kuyenda, ndiziyenda ndi mfuti, apo ayi ndikhale pakhomo ndizipalira fodya. Ine fodya ndimadana naye, amandiyabwa ndi m'maso momwe. Ndinati mfutiyo ibwere.

Tinapita ku Boma kwa akulu awo a bambo, alamu anga amene anapuma usilikali. Munthu wa mawu ngati wailesi, akamalankhula pakhonde a pamsika amamva. Atamva nkhani yathu anaomba m'manja.

"Yewo chomene! Mwafika pakhomo poyenera. Koma za kuseri ine ayi. Mfuti ndi ya chilolezo cha kupolisi, ndipo muphunzire kaye kuigwira. Mwamva, mlamu?"

"Ndamva, alamu."

Anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa zithunzi. Bambo a kunyumba maso anangoti dwii pa chimfuti china chachitali. "Iyi ndiye mfuti," anatero.

"Kodi mkazi wakoyu akukasaka njati?" anafunsa akulu awo.

"Kapena ndiziisenza pamutu pamodzi ndi thumba la nyemba?" ndinaonjezera ine. Bambo anangokanda kumutu.

Tinatsala ndi timfuti tiwiri ting'onoting'ono. Kena kanali ndi kamimba kozungulira pakati, kena kophwathalala ngati foni. Alamu anati nditambasule dzanja, analiyang'ana uku ndi uku ngati akugula mbuzi, n'kunena kuti zala ndi zazifupi koma mphamvu ilimo. Anafotokoza kuti kakachepetsetsa kamadumpha m'manja ukawomba, kakakula kamakulemera mpaka umakasiya kunyumba, ndiye phindu lake n'chiyani? Ine ndinasankha kophwathalala kaja. Chifukwa chenicheni chinali chakuti kanali kokongola. Ndinadziona kale ndikutsika minibasi, mapewa m'mwamba, akuba akubisala okha.

Tsono tinafika pa nkhani ya poika. Pachifuwa panali podzaza kale, foni mbali iyi, ndalama mbali inayo. M'chiuno, chitenje chimamasuka ukamakweza matumba, kamfuti n'kugwera pakati pa msika. Panatsala m'chikwama basi.

Alamu analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi sokosi yakale yomanga kukamwa. M'katimo munali mutu wa hamala wopanda mpini.

"Kulemera kwake n'komweku," anatero. "Ikani m'chikwama, muyende nacho mpaka mwezi uthe. Lamulo ndi limodzi: chikwama chisachoke m'manja mwanu, wina asachigwire, kaya ndani. Usiku muzichitsekera m'bokosi. Mukakwanitsa, mbwenu tipitira limodzi kupolisi."

Ndinaseka mpaka misozi. Mayeso ake omwewa? Bambo anavomera kuti mwezi umenewo azindiperekeza pa njinga yawo mpaka pamsewu waukulu, n'kudzanditenganso pobwera.

Haa, ndinaiwala dziko limene ndinakwatiwako. Kuno munthu safika pakhomo atanyamula yekha katundu wake. Akangokuonera patali, wina amathamanga kudzakulandira, kaya ndi thumba, kaya ndi kajumbo ka mchere. Kukana n'kutukwana.

Woyamba anali kondakitala wa minibasi, amene anafuna kuti chikwama achiponye kumbuyo. Ndinachikumbatira. "Mayi, mwabisamo golide?" anafunsa. Ndinamuuza kuti asamale za chenji chake. Ameneyo sanandivute.

Apongozi anga aakazi ndiwo ananditulutsa thukuta. Ndinapita kukawaona ndikuchokera ku Boma, ndinagwada bwinobwino kuwalonjera. Iwo anatambasula dzanja kuti alandire chikwama akachiike m'nyumba, monga mwa masiku onse. Ine gwa! Iwo kukoka, ine kukoka, ndili chigwadire.

"Mkamwana, muli vichi umo?" anafunsa m'Chitumbuka chawo, maso ali pa chikwamacho.

"Palibe, amama. Ndi zinthu chabe."

Palibe, koma chikulemera chonchi? Lamulungu lisanafike mudzi wonse unali utamva kuti mkamwana wa ku Kasungu akuyenda ndi mankhwala a bizinesi. Kutchalitchi amayi ena anasuntha pa benchi nditakhala. Wina anandinong'oneza potuluka kuti ndimuuzeko sing'anga wanga, poti tomato wake sakuyenda malonda. Ndinafika kunyumba nthiti zikuwawa ndi kuseka, ndipo bambo anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi.

Za mwana wanga zokha sindinaseke.

Mwana wanga wotsiriza ndi wamkazi, nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu. Ntchito yake padziko lapansi inali imodzi, kundilandira. Ankadikira pansi pa mtengo wa mango pamene kanjira kathu kamapatukira, ndipo akangoona njinga ankathamanga akukuwa, "Amama! Amama!" Ankalanda chikwama n'kuchisenza pamutu, n'kumatsogola akudzandira, dzanja lina m'chiuno ngati ntchembere yochokera kuchigayo. Pakhonde ankachitsegula yekha, n'kupisa mpaka atapeza banzi lake.

Ulendo woyamba ndinachenjera. Banzi ndinalitulutsiratu, n'kumupatsa m'manja, chikwama ndachikweza m'mwamba. Analandira banzi, koma maso ali pa chikwama. Ankadumpha kuti achifikire, akuyesa ndi masewera.

Ulendo wina ndinatsika pa njinga ndatopa, mutu ukuwawa, nyemba zitayenda moipa. Ndisanazindikire, mwana anali atagwira lamba wa chikwama, kadzanja kena kakulowa kale pa zipi. M'mutu mwanga simunabwere hamala ayi, munabwera kamfuti kokongola kaja.

"Siya!"

Mawu amene ndinatulutsa ndi amene ndimathamangitsira mbuzi pa mphale. Mwana anasiya, n'kubwerera m'mbuyo. Sanalire. Bola akanalira.

Kuyambira pamenepo lamulo la alamu linasiya kundivuta. Apongozi anasiya kutambasula dzanja, anansi anasiya kuthamanga. Chikwama chinkachoka ku Boma mpaka m'bokosi osakhudzidwa ndi munthu. Bambo ankandiyamikira kuti ndine msilikali weniweni.

Mwezi uli pafupi kutha, tinafika pa mtengo wa mango uja masana ena, pansi pake pali nkhuku zokha. Mwana ndinakamupeza kuseri kwa khola akuumba tiziwiya ta dothi. Anaimirira, manja anawabisa kumbuyo.

"Mwabwerako, amama?" anatero, ngati akulonjera mayi wa pakhomo lina. "Sindigwira chikwama chanu."

Mtima wanga unasweka, ndinene zoona. Ndinalowa m'nyumba, n'kukhala pa bedi chikwama chili pamiyendo. Mayeso ndinali nditakhoza. Tsono kukhoza kwake n'kumeneku, chaka ndi chaka, mpaka mwana akule?

Ulendo wotsatira wa ku Boma bambo ndinawakoka kuti tipitire limodzi. Titafika kwa alamu ndinaika sokosi ija pa tebulo, gu!

"Wina anachigwira?" anafunsa alamu.

"Lamba wokha, kawiri. M'kati ayi."

"Mbwenu mwakhoza, mlamu! Valani nsapato bwino, tiyeni kupolisi."

"Hamala yanu iyo, alamu. Yewo chomene. Kamfuti kaja akagule ena."

Bambo anadzuka pampando. "Mayi, tinagwirizana chiyani? Popanda mfuti palibe msewu."

"Mwezi wonsewu ndayenda ndi chiyani, si sokosi? Amene ankandilondera ndinu. Pitirizani, miyendo muli nayo."

Alamu anaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza mng'ono wawo kuti apope matayala a njinga. Sikuti zinathera pomwepo, tinakangana njira yonse mu minibasi, anthu akutimvetsera mosabisa. Tinagwirizana kuti maulendo ndichepetse, ndiziyenda masiku a msika okha pamodzi ndi amayi a tomato, ndipo iwo azindiperekeza pa kamtunda ka m'tchire kaja. Mantha sanathe. Mpaka lero tikamadutsa pamene anandilanda, ndimakumbatira chikwama.

Tsiku limenelo titafika pa mtengo wa mango ndinati bambo aime. Ndinatsika, ndinaika chikwama pansi, n'kukuwa ngati mlendo.

"Odi! Kodi pamudzi pano palibe wolandira anthu?"

Kamutu kanasuzumira kuseri kwa khola. Anabwera pang'onopang'ono, osathamanga, manja ali kumbuyo. Anaima pataliko, akuyang'ana ine, akuyang'ana chikwama.

"Ndigwire?"

"Gwira, mayi. N'chako."

Anawerama, anakoka mpweya monga ankaonera ine ndikamachinyamula, n'kuchikweza ndi mphamvu zake zonse, mpaka anatsala pang'ono kugwa chagada. Anachikhazika pamutu, dzanja lina m'chiuno, n'kutsogola. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Amama, lero chapepuka."