Adada Awiri a Salome

Ku Nthalire palibe wosamudziwa Salome Kayira, telala wa pakhonde la golosale, amene amasoka mayunifolomu atalumira mapini pakamwa ndipo moni amayankha ndi mutu. Sanabadwe wouma chotere ayi. Anamuumitsa ndi anthu, chifukwa cha mlongo wake Oliver.

Oliver anayamba kudzandira ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire, koma akamayenda mumsewu ngati wangodzuka kumene pa kachasu. Kenako lilime linalemera, kapu ya tiyi n'kumamupulumuka m'manja. Anthu a pamsika, omwewa amatsogolera nyimbo kutchalitchi, ankamutsanzira mayendedwe iye akuona. Salome ankawayang'ana ali pamakina.

Kuchipatala chachikulu cha mumzinda, dokotala wina anamuuza Salome mosabisa: awa ndi matenda a mu ubongo, osowa kwambiri, otengera kwa makolo, ndipo mankhwala ake sanapezeke. Koma anamulembera nambala pakapepala. Anati kuli akatswiri amene akuyesa mankhwala atsopano, akufuna odwala ochepa chabe, mwina Oliver angalowe nawo.

Miyezi itatu yathunthu Salome ankakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi kusaka netiweki. Kuimba, osayankha. Kutumiza mapepala pafoni, akuti sakuoneka bwino, jambulaninso. Anajambula kasanu konse.

Tsiku limene anamuimbira, netiweki inachita chifundo n'kumupeza pakhomo, akutonola chimanga ndi adada ake, mdala John. Woimbayo anali mayi wa Chichewa chosalala cha kummwera, ndipo anati ali ndi mafunso a kumtundu.

"Bambo anu ali moyo?"

Salome anayang'ana mdala John, amene anali atatchera khutu, chitsononkho chili m'manja.

"Ali moyo."

"Amayenda bwinobwino?"

"Amalima okha munda wonse."

"Nanga mayi?"

"Anamwalira ndi shuga."

"Ndiye pepani, amayi. Ife tikuyeza magazi a okhawo amene kholo lawo linadwalapo matendawa. Achimwene anuwo mwina vuto ndi lina."

Tsono apa ndi pamene panagona nkhani. Mdala John sanabereke Salome kapena Oliver. Wowabereka anali mkulu wake, amene anamwalira Salome akuyamwa, ndipo John analowa chokolo n'kulera anawo. Salome ankazidziwa zimenezi. Koma kwawoko munthu amene anakulera, mng'ono wa bambo ako, ndi adada basi, palibe kuwonjezera mawu ena. Unganene bwanji kuti bambo anamwalira iwo ali khale pamphasa pomwepo? Kumeneko n'kuwatukwana. Komanso za malemuwo panalibe chonena. Banja lonse linkati anali chidakwa, anagwera mumtsinje ataledzera, ndipo dzina lawo silinkatchulidwa pakhomopo.

Panapita masabata asanu ndi limodzi. Kenako kunabwera a Eluby, mlongo wawo wa malemuwo, amene Salome amawatcha ankhazi, kudzasoketsa diresi ya ukwati wa mdzukulu. Oliver anadutsa akugwira khoma, ndipo mayiwo anapukusa mutu.

"Ndendende adada ake. Ngakhale kapendekedwe ka mutu."

"Koma iwo aja unali mowa," anatero Salome.

"Mowa uti? Munthu uja anali mkulu wa mpingo. Agogo ako aamuna nawonso anatha choncho."

Salome analavula mapini m'dzanja.

"Ndiye bwanji munkati chidakwa?"

"Iwe mwana, ganiza. Zikanamveka kuti zili m'magazi, akanabwera ndani kudzalowola pakhomo pathu? Iweyo ukanakwatiwa? Tinagwirizana tonse, ndi a John omwe."

Ananena akusalaza nsalu pabondo, ngati akukamba za mtengo wa nyemba. Zimenezo ndi zimene zinamunyansa kwambiri Salome. Anthu akuluakulu anakhala pansi, n'kupaka munthu wakufa uchidakwa, kuti ng'ombe za malowolo zisabwerere panjira. Ndipo zaka zonsezi akhala akumuona Oliver akusekedwa pamsika, ali duu, pakamwa atatseka. Diresi ija anaipinda osaiyeza n'komwe, n'kuwabwezera m'manja.

Anathamangira kuchulu kuja. Mayi wa kafukufuku anamvetsera zonse, za chokolo, za adada awiri, za mtsinje. Kenako anapumira m'mwamba.

"Mukananena tsiku lija. Malo a odwala anadzaza sabata yatha, ndipo sitikudziwa ngati tidzatsegulenso."

Pansi pa chulu Salome ankamuona Oliver, amene anamutsatira movutikira njira yonse, atatsamira mtengo wa mango akudikira yankho.

"Koma musadule kaye," anatero mayi uja. "Tili ndi gulu lina lomwe malo akadalipo. Ndi la ana a odwala amene sanayambe kuonetsa zizindikiro. Mwati malemuwo ndi amene anakuberekani nonse awiri?"

"Eya."

"Inuyo muli ndi zaka zingati? Ana muli nawo?"

"Atatu."

"Ndikulembeni dzina?"

Oliver anakweza dzanja lonjenjemera kufunsa ngati zatheka. Salome anayang'ana dzanja lakelo, logwira foni, kwa nthawi yaitali kuposa mmene analiyang'anirapo chiyambire kusoka.

"Lembani," anatero. "Ndipo pa dzina la bambo mulembe Sylvester Kayira. Sankamwa mowa."