Kuseri kwa Dzanja

Mwendo wanga wakumanzere ndi waufupi. Unafupika ndili mwana, tili kothawa nkhondo ku Dedza, ndipo pobwerera kwathu ndinadutsa pamalire a Kalomwe ndikutsimphina monga ndikutsimphinira lero. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Chisoni ndinachidya n'kukhuta, ndipo chimandinunkhira ngati kachewere wowola.

Ndimasoka zovala pafupi ndi tchalitchi chathu, cha ku Fonte Boa kuno. Kuseri kwa tchalitchicho kuli salau, chinyumba cha misonkhano, ndipo m'menemo muli meza, ndiye kuti tebulo, ya pingipongi, masewera omenyerana kampira kakang'ono kudutsa paukonde. Lamulungu lililonse Misa ikatha timathamangira kumeneko. Lamulo ndi limodzi: wopambana amatsala pameza, wogonja amakaima kumapeto kwa mzere. Kiyi wa salauyo amasunga alamu anga, amuna a akulu anga, amenenso ndi aphunzitsi.

Marakete, timatabwa tomenyera kampira, tinkasema tokha. Tinkadula thabwa n'kumata mphira ya chubu cha lole mbali imodzi, mbali inayo n'kutsala thabwa lokhalokha. Choncho tonse tinkadziwa kamenyedwe kamodzi basi, ka mbali ya chikhatho. Kampira kakabwera kumanzere, munthu ankadumpha n'kukazungulira kuti akamenye ndi mbali yamphira. Anzanga ankadumpha ngati ziwala. Nanga ine ndikanadumpha ndi chiyani?

Iwo anapeza njira yawo. Akamasewera ndi ine ankandiponyera kampira pang'onopang'ono kumanja, monga umo timadyetsera wodwala phala. Ndikapambana ankawomba m'manja mopitirira muyeso. Ankayesa sindikuona. Ndinkaona, ndipo ndinkabwerera kunyumba mtima ukuwira.

Tsiku lina alamu anandikokera pambali, choko chili m'manja.

"Alamu, mzerewu watalika. Inu mutu wanu umagwira. Bwanji muzikhala pabenchipa, muzitilembera mapontu, zigoli za aliyense?"

"Ndinabwera kudzasewera ine, sindinabwere kudzakhala mlembi wanu."

"Nanga kampira kakapita kumanzere mumatani? Anthu atopa n'kukunyengererani."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Ndinawauza kuti andipatse miyezi iwiri, kenaka tidzasewere ine ndi iwo, popanda kunyengererana. Ndikadzagonja ndidzatenga chokocho n'kukhala pabenchi mpaka kalekale. Anaseka n'kuvomera.

Ndinali nditaonapo pafoni anthu akutali akumenya kampira ndi kuseri kwa dzanja, osasuntha phazi. Ndinapempha chidutswa cha chubu kwa wokonza matayala, ndinamata mbali yachiwiri ya rakete yanga. Kunyumba ndinachotsa chitseko cha khitchini, ndinachigoneka pa matumba awiri a kachewere n'kuchigunditsa kukhoma. Khomalo ndilo linali mdani wanga. Khoma silimvera munthu chisoni, ndipo ndinalikonda chifukwa cha zomwezo.

Masabata oyamba ndinkachita zamanyazi. Ndinkaponya mkono wonse kuyambira paphewa ngati ndikutchetcha udzu, kampira n'kumakagwera m'nkhokwe kapena m'madzi a nkhuku. Phewa linatupa, kusoka kunavuta. Ndinasweratu timipira titatu.

Chinanditsegula maso ndi nsalu. Ndikamayala nsalu pameza yosokera sindiponya mkono wonse. Chigongono chimakhala patsogolo pa mimba, chotalikirako ndi nthiti, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi mkono wakumunsi ndi pamfundo pa dzanja. Ndinayesa chimodzimodzi ndi rakete. Ndinaika chala chachikulu chogonera pamphira, ndinaweramitsa rakete pang'ono kuti iyang'ane pansi, ndinaima pafupi ndi chitseko chija. Kampira ndinkakadikira kafike kutsogolo kwa mchombo, kakangonjanja n'kukwera ndinkakakwapula pamwamba pake, mwachidule. Tsiku loyamba kanabwerera kasanu kotsatizana. Patapita sabata ndinasiya kuwerenga.

Amayi ankandiyang'ana ali pakhonde, akusankha nyemba.

"Iwe, ndiye ukaingitse alamu ako ngati nkhuku pamaso pa anthu? Munthu wamkulu samuonetsa kuseri kwa dzanja."

"Amayi, ndikuingitsa kampira, osati iwo."

"Bweza chitseko changa, mbuzi zikulowa."

Sindinabweze mpaka miyezi iwiri itakwana.

Lamulungu lake kunali chisanu cha mwezi wa Juni, chija cholowa m'mafupa, koma salau inadzaza. Alamu anatembenuza rakete yanga uku ndi uku, n'kufunsa anthu ngati ndaiveka bulangete chifukwa cha kuzizira. Anthu anaseka. Tinayamba.

Kampira koyamba anandiponyera kofewa, kumanja, monga mwa masiku onse. Ndinakawakha ndi dzanja n'kuwabwezera.

"Tinapangana chiyani, alamu?"

Kachiwiri anachitanso zomwezo, ine n'kuwakhanso. Ndinati ngati akuopa anene, tiwapatse choko. Pamenepo nkhope yawo inasintha. Kachitatu anamenya mwaukali kumanzere, kumwendo wanga waufupi, kumene panalibe munthu anayesapo kundimenyera zaka zonsezo. Sindinasunthe. Ndinakakwapula ndi kuseri kwa dzanja, kanadutsa pambali pawo iwo ali m'malere, akudumphira kumene kunalibe kanthu.

Palibe anawomba m'manja, ndipo ndinasangalala kuposa masiku onse amene ankandiwombera.

Kuyambira pamenepo anasewera ngati akumenyana ndi mwamuna mnzawo. Anavula juzi. Ankandithamangitsa kumanja, kenaka kumanzere, kenaka kafupi ndi ukonde kumene ndinkafika movutika. Inenso ndinaona kuti kudumpha kwawo kumasiya mbali yonse yameza pululu, ndiye ndinkawakokera kumanzere n'kuponya kumanja. Tinafika nove kwa nove, aliyense mapontu asanu ndi anayi, pomwe masewera amathera pa khumi ndi imodzi. Anamenya kampira pakona penipeni, ndinakatsatira, mwendo unandikana, ndinagwa chagada pasimenti. Azimayi awiri anayamba kuthamanga kuti andidzutse.

"Asiyeni, adzuka okha," anatero alamu, akupumira m'mwamba. "Lembani pontu yanga."

Ndinadzuka ndekha, chigongono chikutuluka magazi. Pontu yomaliza ndinamenya paukonde. Ndinagonja.

Alamu anapita pabenchi, anatola choko n'kunditambasulira. Thukuta linali kutsika m'khosi mwawo. Ndinalonjeza, inde, ndipo anthu onse anamva ndikulonjeza. Koma ndinayang'ana chokocho, ndinayang'ana benchi, ndinaona zaka zanga zonse zotsala nditakhala pamenepo ndikulembera ena. Ndinachikankha ndi kuseri kwa dzanja, chinagwa pansi n'kuthyoka pawiri. Lonjezo limenelo ndinaliphwanya, ndipo mpaka lero sindinapite nalo kokalapa.

Ndinatsimphina kudutsa anthu onse mpaka kumapeto kwa mzere, kumene amaima aliyense wogonja. Ndinaima pamenepo magazi akudontha, ndikudikira amene angabwere kudzandichotsa. Panalibe. Bambo amene anali patsogolo panga anacheuka, anayang'ana rakete yanga, n'kunena motsitsa mawu kuti tikakumana pameza ndisayembekeze chifundo.

"Mukachita chifundo ndikutukwanani," ndinawayankha.