Mbuzi Yovala Jasi Inandibwereka Mawu

Ndikukumbukira bwino nthawi imene ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Chawama m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Ndinali mtsikana wachibwibwi. Liwu likandikakamira pakhosi ndinkalimbana nalo mpaka maso kufiira, ndipo anthu ambiri ankangondimalizira okha zimene ndinkafuna kunena, kawirikawiri molakwika. Mnyamata wina wa pamzere wathu, Kelvin, anandipatsa dzina loti Jenereta, ati chifukwa ndinkavuta kuyaka. Dzinalo linandimatirira kuposa langa lenileni la Taonga.

Ana onse a m'dera lathu tinkathera kwa Ba Mulenga, bambo wochokera ku migodi amene anali ndi kashopu kometera tsitsi. Kuseri kwa chinsalu chotchinga anaikako mabenchi, TV ndi makina a gemu. M'kachipindamo munkanunkha sipiriti wopukutira makina ometera, thukuta la ana ndi chimanga chowotcha. Chimene chinkatikokera kumeneko anali apolisi awiri a m'katuni. Wina anali mbuzi yaitali yovala jasi lofika m'mapazi, winayo kanungu kakang'ono kaukali. Mayina awo achingerezi sitinkawalabadira. Ife tinkawatcha Ba Jasi ndi Kaminga. Akuba ankawagwira nthawi zonse, koma mwangozi: Ba Jasi akapunthwa, ankagwera pamsana pa wakubayo.

Awiriwa anali paliponse. Anali pa madisiki a katuni, anali mu gemu, analinso m'timabuku ta zithunzi timene mkulu wanga Yobe ankagula kwa ogulitsa mabuku akale ku Kamwala. Timabukuto ndinkatiwerenga mpaka kung'ambika. Ndikamatsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndinkayankhula ndekha ngati Ba Jasi, mawu aakulu onjenjemera, kenako n'kudziyankha ngati Kaminga, mawu ang'ono othamanga. Koma gemu ndinali ndisanaigwirepo. Kwa Ba Mulenga mwayi wosewera unkapita kwa amene wafuula msanga, ndipo ine pofika pomaliza liwu loyamba, wina anali atakhala kale pampando.

Loweruka lina masana, chipinda chitadzaza, magetsi anathima n'kubweranso mwamphamvu. Sipika ya TV inachita phu! n'kukhala chete. Zithunzi zinkayenda koma mawu kunalibe. Ana anayamba kumenya mabenchi, ndipo Ba Mulenga analowa makina ometera ali m'manja, kasitomala atamusiya atametedwa theka la mutu. Anamenya TV ija m'mbali, koma ayi ndithu.

Pa chithunzi, Ba Jasi anali atanjata firiji ndi unyolo, akuiloza chala. Nkhaniyo ndinkaidziwa kuchokera m'kabuku. Sindinaganize n'komwe, ndinangomva mawu a mbuzi akutuluka m'kamwa mwanga.

“Iwe firiji, kamba zoona! Nidziwa uli na vinthu mukati!”

Kaminga atatsegula pakamwa, ndinamuyankhulira ndi mawu ang'ono aja.

“Ba bwana, musiyeni, wazizila na mantha.”

Chiseko chimene chinabuka pamenepo sindidzachiiwala. Ena anagwa pa benchi, ngakhale kasitomala wa theka la mutu uja anasuzumira pachinsalu. Ndinapitiriza mpaka katuni kutha, ndikuika m'kamwa mwa apolisiwo nkhani za kwathu: matope a nthawi ya mvula, makondakitala, mizere ya pampopi. Panalibe liwu ndi limodzi lomwe limene linandikakamira.

“Iwe mwaice,” anatero Ba Mulenga anthu akutuluka, kundiitana monga amaitanira mwana kwawo, “kuyambila lelo ndiwe sipika wanga. Ukasiliza, gemu ni yako.”

Imeneyo inali ntchito yanga yoyamba, ndipo ndinkaigwira monyadira. Ana ankachokera kutali kudzamva mbuzi yoyankhula Chinyanja. Gemu ija ndinaidziwa mpaka kuposa Yobe. Mumtima ndinatsimikiza kuti mankhwala a chibwibwi ndawapeza. Amayi akandituma kukagula tomato, ndinkagula ndi mawu a Ba Jasi. Kusukulu ndinkayankha masamu ndi mawu a Kaminga, aphunzitsi n'kumabisa kumwetulira. Mawu anga enieni ndinangowasiya ngati diresi lothina.

Patapita nthawi Ba Mulenga anaitana munthu woti akonze sipika ija, bambo wina wa m'dera lomwelo amene ankayenda ndi chikwama chachikulu cha zipangizo. Tsikulo ndinalipo, ndikusesa m'kachipinda. Bamboyo atamaliza kugwiragwira mawaya, ananyamula makina a gemu n'kuwalowetsa m'chikwama chake, Ba Mulenga ali kutsogolo akumeta munthu. Bamboyo anandiyang'ana n'kupitiriza, osadandaula konse. Ine ndinangoti mwina nawonso makinawo akupita kokakonzedwa, ndinamaliza kusesa n'kupita kwathu.

Mawa lake pochokera kutchalitchi ndinapeza chikhamu cha anthu pakhomo pa shopu. Pakati pawo panali Kelvin, atagwidwa kolala ndi mnyamata wina wamkulu wa pasiteshoni ya minibasi. Malaya ake anali atang'ambika paphewa, mlomo ukutuluka magazi. Wina anali atanena kuti anamuona dzulo akuzungulira kuseri kwa shopu, ndipo mawu amenewo anali okwanira. Mayi wina anali atavula kale patapata. Ba Mulenga ankayesa kuletsa anthu, koma nawonso nkhope yawo inali yokayika.

“Sinine! Nalumbila, sinine!” Kelvin ankalira.

Ndinadzipanikiza pakati pa miyendo ya anthu mpaka kufika kutsogolo. Kenako ndinathawira kumene ndinazolowera. Ndinatukumula chifuwa n'kutulutsa mawu a mbuzi.

“Imani! Mwagwila munthu wolakwika!”

Anthu anaseka. Ena anawomba m'manja. Mnyamata wa pasiteshoni uja anandikankhira pambali ndi chigongono.

“Choka iwe, ino si katuni.”

Ndinayesanso, mokweza kwambiri, ndipo chiseko chinangokula, uku Kelvin akulandira khofi lina. Mawu amene anandipatsa ulemu m'kachipinda kaja anali opanda ntchito pabwalo pamenepo. Misozi inayamba kulengeza.

Ba Mulenga ndi amene anandiyang'anitsitsa. Anamenya chitseko chachitsulo ndi dzanja mpaka phokoso linatha, kenako ananjuta kuti nkhope yawo ilingane ndi yanga.

“Taonga, siya mbuzi. Kamba na mau yako. Tizayembekeza.”

Anaimirira n'kutembenukira kwa anthu.

“Aliyense amene azamusilizila mau, asabwelenso kumeta pano.”

Ndinayamba. Liwu loyamba linandigwira ngati munga wa nsomba. Ndinkamva kulira kwa mahutala kumsewu, kwaya ikuimba patali, mwana wina akutafuna nzimbe kumbuyo kwanga. Mayi wa patapata uja anatsegula pakamwa kuti andithandize, koma Ba Mulenga atamuyang'ana anatsekanso. Ndinakoka liwu limodzi, kenako lina. Ndinanena za bambo wokonza sipika, za chikwama chake, za mmene anandiyang'anira. Zinatenga nthawi yaitali, thukuta likutsika m'khosi, koma palibe anachoka, palibenso anaseka. Nditafika kumapeto, dzanja limene linagwira kolala ya Kelvin linali litamasuka kale.

Ba Mulenga anatenga akuluakulu awiri a m'dera n'kupita kwa bamboyo, ife ana tikutsatira patali. Anamupeza ali pampando m'nyumba mwake ndi anzake, makina atawalumikiza ku TV yake, akuthamangitsa akuba ndi Ba Jasi mwakhama kotero kuti sanamve kugogoda. Nkhaniyo inakathera kupolisi, ndipo makinawo anabwerera tsiku lomwelo.

Kelvin sanandithokoze ndi mawu. Ankangoti mnzake wina akayamba kundidula pakati pa chiganizo, iye n'kumugwira pamkono. Ine ntchito yanga ndinaipitiriza, chifukwa sipika ija sinakonzedwe konse, ndipo kunena zoona ana sankafunanso kuti ikonzedwe. Koma mbuzi ndinkaisiya kuseri kwa chinsalu. Tomato ndinayambanso kugula ndi mawu anga, ndipo amayi ogulitsa anaphunzira kudikira.

Lero ndine mphunzitsi ku Matero, ndipo chibwibwi ndikadali nacho. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti mphatso yaikulu imene ndinalandira kwa Ba Mulenga inali mwayi woseketsa anthu. Tsopano ndikuona kuti inali nthawi ija anatontholetsa gulu lonse kuti kamtsikana kamalize chiganizo. Kuseketsa kunandidziwitsa kuti mawu ndili nawo, koma pamene mwana wa munthu ankamenyedwa, chimene chinkafunika chinali mboni yoti anthu aikhulupirire, ndipo mboniyo inali ine, ndi lilime langa lolemera lomweli. N'chifukwa chake liwu likandigwira kutsogolo kwa kalasi, kapena pamsonkhano wa makolo, sindipepesa ndipo sindithamanga. Ndimaima, ndimapuma, kenako ndimanena zimene ndinabwera kudzanena.