Diresi Lakuda la Amake Eliza

Mukafika pa Mtakataka tsiku la msika, muyang'ane makosi a madiresi a amayi. Ambiri ndi otambalala kuchokera paphewa ili kufika paphewa ilo, osatsikira pachifuwa, m'chiuno mothina, kumunsi kotambasuka ngati ambulera. Kasokedwe kameneka kuno timati khosi la Dona, ndipo adakabweretsa ndi a Josephine, amake Eliza, telala wa pakhonde la golosale yoyang'anana ndi siteji ya maminibasi. Ine ndimagulitsa zitenje pakhonde lomwelo, choncho mbiri yawo ndidaimva kwa eni ake, makina akulira.

Ali mtsikana, a Josephine adalowa kamodzi m'kanyumba koonetsa vidiyo. Anyamata ankadikira filimu ya nkhonya, koma mwini malo adalakwitsa tepi n'kuika yakalekale, ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Anyamata adatuluka akutukwana, iwo adatsala. Chizungu sankachimva, nkhani yake sadaitole, ngakhale dzina la mayi wa m'filimuyo salidziwa mpaka lero. Chimene adatola ndi diresi: lakuda bii, lopanda duwa ngakhale limodzi, kamkanda koyera pakhosi, mwini wake akutsika masitepe ngati munthu wopanda kothamangira. Adangomutcha Dona.

Ataphunzira makina, Dona uja adayamba kutulukira m'zitenje. Akwatibwi a ku Golomoti, amayi a kwaya a ku Mua, aphunzitsi, onse ankafuna khosi lomwelo. Atsikana a masiku ano amabwera ndi zithunzi za oimba m'mafoni, a Josephine n'kuziyang'ana monyoza pang'ono, amvekere, "Ameneyutu wangobera Dona wanga."

Koma lakuda lenilenilo adasoka limodzi lokha, lawolawo, Eliza akadali kumsana. Akuliyesa m'nyumba masana, adalowa mlamu wawo a Fainesi, mlongo wa amuna awo a Gilbert, mayi amene odi amamupangira ali kale m'kati.

"Mlamu, wamwalira ndani?" adafunsa a Fainesi.

"Palibe. Ndi fashoni chabe."

"Fashoni? Mwamuna ali moyo, akulima, inu mwasokeratu zolirira? Mukumufulumizira kuti mchimwene wanga?"

Paja kuno mkazi wovala chakuda chokhachokha ndiye kuti waika mwamuna m'manda. Nkhani idafika kwa ankhoswe, diresi n'kulowa m'sutikesi. A Gilbert tsikulo anali kumunda wa thonje, moti mlandu wa diresi adaumva, koma diresilo sadalione pathupi la mkazi wawo.

Izi ine zimandiwawa. Munthu waveka dera lonse, yekha n'kuletsedwa kuvala chimene mtima wake udakonda. A Fainesi omwewo, paukwati wa mwana wawo, adavina mpaka thukuta ali m'khosi la Dona lobiriwira, ndipo manyazi analibe.

A Gilbert, munthu wofatsa, ankakumbutsa mwa apo ndi apo. "Amake Eliza, tavalani diresi lija ndione." Yankho linali limodzimodzi: "Anthu adzati chiyani, abambo?" Eliza adakula mpaka kukwatiwa, yankho lisadasinthe. Akulu sadaname kuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kenaka a Gilbert adapezeka ndi matenda a shuga. Maso adayamba kuchita nkhungu, lamanzere n'kuzimiratu. Apa m'pamene adalankhula mawu amene a Josephine adandifotokozera m'mawa mwake, atasiya makina, manja ali pamiyendo.

"Akuti, ndikadzafa mudzavala zakuda, aliyense adzakuonani kupatula ine. Valani ndikadali ndi diso."

"Nanga mukudikira chiyani?" ndidatero ine.

"Anzanga, munthu akudwala. Ndikavala pano sadzatinso fashoni, adzati ufiti. Ndani adzabweretse nsalu kwa mfiti?"

Mantha awo anali oona, sindingawaseke. Adazengerezabe, mvula n'kutha, thonje n'kukololedwa. Tsiku lina ndidangoona nsalu yakuda pamakina, akuimasula m'chiuno, pakuti thupi la mtsikana uja lidapita kale. Sindidafunse kanthu.

Lamlungu m'mawa adavala, ndi kamkanda komwe, n'kutulukira pakhonde la nyumba yawo. Mayi wina wochokera kumjigo atawaona adatula ndowa pansi n'kuthamanga. Uthenga wa maliro suchedwa panjira. Ine udandipeza ndikusita, ndipo ndidathamanganso, ngakhale nsalu ija ndidali nditaiona. A Fainesi anali patsogolo pathu, manja ali kumutu, akulira mokuwa.

Tidawapeza malemuwo atakhala pampando, akumwa tiyi wopanda shuga ndi mbatata.

Kulira kudaduka pakati. A Josephine anali chiimire pambali pa mpando, ndipo ndinene zoona, sindidaonepo munthu wovala bwino chotero pa Mtakataka. A Fainesi adapezanso mawu.

"Achimwene, mukuona zimene wachita mkazi wanuyu?"

"Ayi, mlongo wanga, sindikuona," adayankha a Gilbert. "Ndikadakonda."

Diso lotsala lija linali litazima masiku apitawo. M'nyumba yawo ankayenda mwachizolowezi, choncho adabisira ngakhale mkazi wawo, kuopa kuti akadziwa alibwezera diresi m'sutikesi. A Josephine adagwira pakamwa.

"Amake Eliza, sendererani kuno," adatero a Gilbert.

Iwo adagwada. A Gilbert adapukuta zala m'malaya, n'kuyendetsa dzanja pakhosi la diresi, kuyambira paphewa ili, pang'onopang'ono, mpaka paphewa ilo. Adagwira kamkanda kaja kanthawi. Kenaka adatembenuzira nkhope kumene kunkamveka mpweya wa mlongo wawo.

"A Fainesi, inu muli ndi maso. Tandiuzani, akuoneka bwanji?"

A Fainesi adayang'ana nthawi yaitali, misozi ya maliro ija isadaume m'masaya. Ine ndidati apa pabuka nkhondo. Koma adangomanga bwino chitenje chawo, mawu n'kutuluka otsika.

"Akuoneka bwino, achimwene. Akuoneka bwino kwambiri."

"Ndimadziwa," adatero a Gilbert, dzanja likadali paphewa la mkazi wawo.