Thobwa Lomwe Mayi Ndadyakale Anakana

Dzina lawo lenileni ndi Jenipher Kapatuka, koma mukafika pa Nathenje n'kufunsa dzina limenelo, anthu adzakuyang'anani ngati mwasochera. Funsani za mayi Ndadyakale, ndipo ngakhale wakabaza adzakulozerani nyumba yawo. Ine ndine Lydia, namwino komanso mzamba pa kachipatala kena kakumudzi kuseri kwa Mitundu. Yunifolomu yoyera imene ndimavala mpaka lero ndimaivala chifukwa cha mayi amenewa, ngakhale kuti tsiku loyamba kuwaona ndinadana nawo.

Anabadwira pa Nathenje pomwepo. Mayi awo ankagulitsa mbatata yophika ndi chimanga chootcha pa siteji ya minibasi, ndipo a Jenipher anakulira mu utsi wa mbaula, akulawa chilichonse chisanafike kwa kasitomala. Kudya amakukonda, asakunamizeni munthu, ndipo thupi lawo limachitira umboni. Atamaliza sukulu analowa m'boma ngati wotayipa makalata. Patapita zaka anawasamutsira ku ofesi ina mu Lilongwe yoona za khalidwe la anthu ogwira ntchito m'boma. Kumeneko ndi kumene munthu amakadandaula ngati mphunzitsi, mlangizi kapena namwino akufuna kangachepe asanathandize anthu. A Jenipher anayamba ndi kulandira madandaulo, kenaka anayamba kutumidwa kumidzi kukafufuza ngati zonenedwazo zili zoona.

Apa m'pamene dzina lija linabadwira. Kwathu kuno mlendo sachoka osalawa kanthu, ndipo amene akufufuzidwa ndiye amaphika kuposa onse. A Jenipher anaona kuti ukadya nkhuku ya munthu, pakamwa pamalemera ukafuna kunena kuti walakwa. Ngakhale unene zoona kuti sanalakwe, anthu amati yalankhula ndi nkhuku. Choncho anadziikira lamulo loti akakhala pa ntchito salawa kanthu pakhomo pa munthu, ngakhale madzi. Koma bodza sankalifunanso. Ndiye ankati akakwera minibasi, ankatulutsa mbatata ndi mtedza m'chikwama n'kudya mpaka kukhuta, kuti akafika akanene zoona kuti, "Zikomo, ndadya kale." Anthu anawanena mpaka pakamwa kuuma. Ena ankati n'ngodzikuza, ena ankati amanyansidwa ndi mbale zakumudzi, chonsecho ndi mwana wa wogulitsa mbatata.

Nkhani yanga inayamba ndi mbuzi. Mtsikana wina dzina lake Felesiya anabwera kudzachira mwana wake woyamba. Anataya magazi ambiri, ambulansi inali kutali, ndipo ndinalimbana naye mpaka magaziwo anasiya. Mayi ndi mwana onse anapulumuka. Makolo a Felesiya, bambo Francis ndi mayi Edith, anandithokoza kwambiri. Tsiku lina nditaweruka ndinapeza mbuzi yaikazi yamawangamawanga itamangidwa pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga.

Ndinaibweza. Ndinawauza bambo Francis kuti boma limandilipira ndipo sindiloledwa kulandira zotere. Iwo anangomwetulira n'kunena kuti, "Anesi, mbuzi imeneyi si malipiro. Moyo wa mwana wanga ungagulidwe ndi mbuzi?" M'mawa mwake inali pamtengo paja, ikudya kholowa wanga. Ndinaibwezanso, inabweranso. Mapeto ake ndinatopa n'kungoisiya, poganiza kuti eni ake adzachita manyazi n'kudzaitenga. Manyaziwo sanachite. Mbuzi inanenepa, ndipo aliyense wopita kuchipatala ankaiona.

Chakudza sichiimba ng'oma. Panali bambo wina amene ndinamutulutsapo m'chipinda chochiriramo amayi, atalowa mokakamiza ali chiledzerere. Iyeyu anakadandaula ku ofesi ija kuti ine sindigwira mayi woyembekezera ngati abale ake sanalonjeze mbuzi kapena nkhuku, ndipo umboni uli pamtengo wa mango. Anandiimitsa ntchito podikira kafukufuku. Akanandipeza wolakwa, ntchito ikanathera pomwepo, ndipo palibe chipatala china chikanandilandira. Ndinali ndi ana awiri pasukulu, bambo awo atamwalira kale. Ndinkakhala m'nyumba makatani otseka, ndikumva azimayi akudutsa kupita ku sikelo, ndipo ndinkalira ndi ukali chifukwa manja angawa sanapemphepo kanthu kwa munthu.

A Jenipher anafika Lolemba lina pa kabaza wa njinga yamoto, nkhope ili mbuu ndi fumbi, chikwama chachikulu chili pamiyendo. Ndinawakonzera tiyi wamkaka ndi mandasi. Sindinkafuna kuwagula ayi, ndi mmene amayi anandilerera. Anayang'ana mandasiwo kanthawi ndithu n'kumeza malovu, kenaka anati, "Zikomo anesi, ndadya kale. Chotsani izi tikambirane." Mumtima ndinati basi, munthu amene wakana tiyi wako wagamula kale mlandu.

Anandifunsa mafunso mosanyengerera. Atamva zonse anati, "Munabweza kawiri, chabwino. Nanga akuluakulu anu munawadziwitsa kuti pakhomo panu pali mbuzi yoti simunaiitane?" Ndinati ayi, sindinaganizeko. "Pamenepo ndiye munagona," anatero, "koma kugona ndi kuba n'zosiyana. Ndikufuna ndimve kwa azimayi amene anachirira m'manja mwanu."

Anayenda midzi yonse yozungulira chipatala, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Ankalankhula ndi mayi aliyense payekha, kuseri kwa nkhokwe kapena kudimba, kuti wina asayankhire mnzake. Azimayi aja ankandikonda, ndipo anaganiza kuti njira yondithandizira ndi kusamalira bwino mlendoyo. Nkhuku zinaphedwa. Ena anakazinga mtedza, ena anaphika mazira. Zonsezo zinabwerera m'nyumba osalawidwa.

Zinafika poipa kwa mayi Edith. Iwo ndi katswiri wa thobwa, ndipo palibe ukwati m'deralo umene umachitika osawaitana. Atamva kuti wofufuza akubwera, anaphika thobwa la mawere n'kulisunga mumtsuko kuti lizizire. A Jenipher anafika masana, milomo itauma, thukuta lili kamukamu. Mayi Edith anatunga m'chipanda, anamwako pang'ono pamaso pa mlendo monga mwa mwambo wochotsa ufiti, n'kugwada kupereka ndi manja awiri.

"Zikomo amayi, ndadya kale," anatero a Jenipher.

"Ichi si chakudya, mwananga, n'chakumwa. Taonani milomo yanuyo."

"Pepani amayi, ndili pa ntchito. Sindingathe."

"Ndamwako inu mukuona. Kapena mukuti ndathiramo chiyani?"

A Jenipher anangoweramitsa mutu, manja ali pamiyendo. Mayi Edith anakhala chigwadire, anthu akuonerera, kenaka anadzuka n'kukhuthulira thobwalo pansi. Mafunso anayankha onse, koma atayang'ana kumbali. Madzulo ake anabwera kwa ine atakwiya kwambiri. "Anesi, chibadwire changa palibe anandiyesapo mfiti. Munthu ameneyu alibe umunthu." Ine ndinavomereza, n'kuwonjezerapo zanga.

Lipoti la a Jenipher linanena kuti palibe mayi ngakhale mmodzi amene ndinamupemphapo kanthu, kuti mbuzi ndinaibweza kawiri, ndipo kuti cholakwa changa chinali kusadziwitsa akuluakulu. Mtima unayamba kukhala m'malo. Koma bambo wodandaula uja sanagonje. Anabwerera ku ofesi kukanena kuti wofufuzayo anadya chibanzi: midzi yonse inamuphera nkhuku, nthenga zili mbwee m'mabwalo, ndiye akanalemba chiyani china? Nthengazo zinalipodi. Ofesi ija imafufuzanso anthu ake omwe, choncho lipoti linaimikidwa, ndipo kunabwera abambo awiri ovala mataye kudzaona ngati a Jenipher anadyadi za anthu. Zikanapezeka kuti analawako ngakhale kachiwindi ka nkhuku, lipoti likanatayidwa, ine n'kutayidwa nalo limodzi.

Anasonkhanitsa anthu pabwalo la chipatala. Ine ndinakhala kumbuyo. Mmodzi wa abambowo anafunsa ngati pali amene anawapatsa chakudya mayi Kapatuka. Azimayi anayang'anizana, osadziwa yankho limene lingandipulumutse. Amene anaimirira ndi mayi Edith, ndipo sanaimirire kuti athandize munthu ayi. Anaimirira kuti awaneneze a Jenipher kwa mabwana awo.

"Bola mwabwera, abwana, ndinene zakukhosi. Kodi ku ofesi kwanuko mumawaphunzitsa mwano? Ine munthu wamkulu ndinagwada ndi chipanda, dzuwa lili paliwombo, iye kukana! Ngakhale kunyowetsako milomo yokha!"

Zinali ngati atsegula khola. Wina anati nkhuku yake inafera chabe, anangodya ndi ana. Wina anati mazira ake anasiyidwa pamkeka. Mayi wina anati anawaona ndi maso ake atakhala okha pansi pa mtengo kumsewu, akudya mbatata yozizira ya m'chikwama ngati wamasiye. Aliyense ankafuna kuti dandaulo lake limveke, ndipo abambo aja ankangolemba, mmodzi akubisa kuseka. Ine m'pamene ndinazindikira kuti chipongwe chimene tinkawanenera chija ndicho chinali kundibwezera ntchito. Ndinalira pagulu, osasamala kuti akundiona ndani.

Lipoti linavomerezedwa. Anandipatsa chenjezo, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri n'kubwerera ku ntchito. Za mbuzi anagamula kuti iperekedwe kuchitando, kumene amayi oyembekezera amadikirira tsiku lawo. Bambo Francis anavomera chifukwa sinabwerere m'khola mwawo, ndipo amayi akuchitando anadya nyama sabata imeneyo.

Ndinapita ku Nathenje kukathokoza, chimanjamanja, poti tsopano ndinali nditaphunzira. Linali Loweruka, ndipo ndinawapeza akuthandiza mng'ono wawo kuotcha chimanga pa siteji pomwe paja, china chili kale pakamwa. Anandidula mawu. "Musandithokoze, sindinakukondereni. Mukanakhala kuti munapempha mbuzi ija, ndikanalemba kuti munapempha." Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Amayi a thobwa aja akadali okwiya?" Ndinati inde. Anapukusa mutu. "Thobwa lija ndimalilota, anesi. Koma chimene chimandipweteka ndi maondo awo aja."

Ntchito imeneyi anaigwira zaka zambiri, ndipo si onse amene amawathokoza ngati ine. Alipo amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha malipoti awo, ena mwa iwo anthu a mpingo umodzi ndi a Jenipher. Pamaliro ena ankawadumpha pogawa mbale, amayi akunong'onezana kuti asiyeni, adya kale. Iwo ankaseka nawo, koma ndikudziwa kuti zinkawalasa mumtima.

Chaka chatha anapuma pa ntchito. Sabata yomweyo foni yanga inalira. "Anesi, mundiperekeze kwa amayi a thobwa aja." Ndinadikira tsiku limene mayi Edith anaphika thobwa la chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, n'kuwaitana a Jenipher. Tinafika masana, ine ndili mu yunifolomu chifukwa ndinkachokera ku ntchito. Felesiya anatiyalira mkeka. Mayi Edith akalamba tsopano koma maso akadali akuthwa, ndipo anawazindikira a Jenipher nthawi yomweyo. Moni sanapereke. A Jenipher anavula nsapato n'kukhala padothi penipeni, mkeka n'kuusiya.

"Amayi, ntchito ija ndapuma. Ndabwera kudzapempha thobwa."

"Simunadye kale?"

"Chidzukire sindinalawe kanthu. Pamsika wa Mitundu ndadutsa nditatseka maso."

Felesiya anaseka n'kudzigwira pakamwa. Mayi Edith anawayang'ana a Jenipher, anayang'ana yunifolomu yanga, kenaka analowa m'nyumba. Tinadikira mpaka ndinayamba kuganiza kuti satulukanso. Anatuluka ndi chipanda chodzaza, akuyenda pang'onopang'ono kuti lisatayike. Atafika pafupi anakweza chipandacho kuti amweko kaye monga mwa mwambo. A Jenipher anadzuka n'kugwada, n'kuwagwira dzanja chipanda chisanafike pakamwa.

"Ayi amayi, musalawe. Sindinakukayikirenipo."

Analandira chipanda chija ndi manja awiri n'kumwa osapumira mpaka pansi, thobwa likuyenderera pachibwano. Mayi Edith anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenaka anatembenukira kwa Felesiya n'kunena mwaukali, "Ukuyang'ana chiyani iwe? Katenge mtsuko wonse. Munthuyu ludzu lake n'lakalekale."