Zilembo zopendama za atate

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinabwerera ku Domwe kuchokera ku Dedza, komwe tinathawira nkhondo. Atate anali olemba zikwangwani. Pa zitseko za masitolo ankalemba zilembo zowongoka, zofatsa. Koma analinso ndi zina, zonenepa ngati munsi, zopendamira kutsogolo, za tinta, ndiye kuti penti, wofiira. Zimenezi ankazilemba pa matabwa okhawo amene ankazikidwa kuzungulira malo akale a asilikali, momwe munali mabomba okwirira.

Ine, poti maso alibe mpanda, ndinkazisirira. Ndinawapempha kuti andilembere dzina langa motero pa kaderno, kope langa la kusukulu.

"Iai, mwanawe," anatero. "Zilembo izi zimakuwa. Zikamakuwa paliponse, tsiku la ngozi adzazimva ndani?"

Ndinanyanyala tsiku lonse. Amalonda nawo ankazifuna, atate nkumawakaniza, ndipo ine ndinkangoti ndi makani a munthu wamkulu. Chodabwitsa, mng'ono wanga Lusiya, wa zaka zinayi, atate ankamunyamula nkumuonetsa matabwawo tinta asanaume, nkumati, "Ukaona zopendama chonchi, ima."

M'mawa wina wa chisanu amayi anandituma kukamangirira mbuzi kudambo, Lusiya ali pambuyo panga. Nkhungu inali isanachoke. Ndinawerama kuti ndizule minga kuphazi, ndipo nditadzuka, mbuzi imodzi inali itapulumuka, chingwe chikukhwekhwereka. Lusiya anali kuithamangira uku akuseka, molunjika kumalo a asilikali kuja.

Ndinayesa kukuwa, mawu osatuluka. Mantha ngati amenewo sindinawamveponso. Ndinkangoona kadilesi kake kachikasu kakuchepera m'nkhungu, ndipo m'mutu munabwera bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene ankayendera ndodo, mwendo wa thalauza ataupinda. Mbuzi inadutsa pambali pa thabwa nkulowa m'tchire. Pamenepo panalibe waya, panalibe mpanda, panali thabwa lokhalo.

Lusiya anaima.

Ndinamupeza ali chilili, kaphazi kamodzi katagunda tsinde la thabwa. Ndinamukoka mwamphamvu mpaka tonse tinagwa chagada. Iye anandiyang'ana modabwa nkuloza ndi chala.

"Achemwali, zopendama. Atate anati ima."

Mwanayo sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Mbuzi ija sinabwerere, ndipo palibe anakaifuna. Atate atamva nkhaniyo anakhala pansi pakhonde, manja ali ndi tinta, nkumuika Lusiya pamiyendo.

Lero mabomba aja anachotsedwa, ndipo ku Ulongwe zilembo zonenepa zopendama zili ponseponse: pa maminibasi aja timati shapa, pa malo ometera, pa matumba a feteleza. Makina amazisindikiza mosavuta, ndipo sindikana, nzokongola. Ana anga amazidutsa osacheuka nkomwe, pomwe ine mtima umandigundabe. Tsopano ndimamvetsa kuti atate sanandimane kanthu: ankasunga mfuu imodzi kuti ikadzafunika imveke. Lusiya amagulitsa mbatata ku Kalomwe, ndipo m'mawa uliwonse amapita kumeneko ndi miyendo yake iwiri.