Tsiku limene apongozi anaveka alamu yanga chitenje

Ntchito ya alamu ya gasi inandipeza ndili pamwamba pa makwerero ku Nakoli, komboni ina ya kuno ku Kabwe, ndikulumikiza mawaya m'nyumba ya munthu. Foni italira ndinamva mawu a tcheyamani wa parishi yathu: "Inu amagetsi, tsikani kaye mungagwe, ndili ndi nkhani." Anati khitchini ya holo ya parishi yasiya makala, yayamba kuphikira gasi, ndiye komiti ikufuna chochenjeza anthu gasiyo akamatuluka mobisala. Ntchitoyo anandipatsa ine. Mayo ine! Masitepe awiri omaliza sindinawaponde. Satifiketi ya kosi ya zimenezi inali itagona m'sutikesi chaka chathunthu, anzanga akundiseka kuti ndinapita ku Lusaka kukaphunzira kununkhiza. Ndinati tsopano aona.

Khitchini imeneyo si yamasewera. Ukwati, maliro, ubatizo, zonse zimaphikidwa mmenemo. Kunja kuli masilinda anayi aakulu m'khola lachitsulo, paipi imalowa pakhoma n'kudyetsa mbaula zisanu ndi imodzi. Tsiku la ukwati mumadzaza amayi oposa khumi, ena ana ali kumsana, machesi ali m'manja. Ndipo mkulu wa onsewo, wosunga makiyi, anali apongozi anga.

Apa ndiye pali nkhani. Apongoziwo anachoka ku Katete ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito ya sitima, ndipo akhala ku komboni ya Railways kuyambira nthawi imeneyo, koma mwambo wa kwawo sanausiye m'basi. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, sakhala mpando umodzi, salankhulana mwachindunji. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pabanja ndi mwana wawo, mawu athu onse ankadzera mwa iyeyo. Mkazi wanga akachokapo, apongozi ankalankhula ndi khoma: "Kaya akamwini adya?" Ine n'kuyankha chitseko: "Adya, akuthokoza." Anzanga a Chibemba ankafa nazo chiseko. Ine sizinkandivuta. Ndimawakonda amayi aja, ndipo ndinkadziwa kuti nawonso amandinyadira, chifukwa nkhuku ikaphedwa nthutumba inkapezeka m'mbale yanga.

Sabata yoika zipangizo sindinkamva njala. Pakhoma pafupi ndi chitseko ndinakhomapo bokosi loyendetsa zonse, lokhala ndi batire lake kuti magetsi akathima lisagone nawo. Panja ndinaika sayirini ndi nyali yofiira. Pa paipi, pafupi ndi masilinda, ndinamanga valavu yodzitseka yokha alamu ikalira. Koma mtima wa ntchito yonse unali masensa atatu, tinthu tonga sopo wa m'manja kukula kwake, tokhala ndi timabowo kumaso. Amayi a m'khitchini anangotitcha timphuno, dzina n'kukhala lomwelo. Ndinatikhoma m'munsi mwenimweni, chikhato chimodzi ndi theka kuchokera pasimenti.

Tcheyamani atabwera kudzaona anagwira m'chiuno, nayamba ndi mawu aulemu a Chibemba. "Awe, mukwai, zinthu zodula chonchi mukuziika pansi ngati msampha wa makoswe? Utsi sukwera m'mwamba kodi?" Magazi anandithamanga, pakuti ine munthu akakayikira ntchito yanga ndimapsa msanga, koma ndinameza. Ndinati utsi umakwera, inde, koma gasi wa m'silinda ndi wolemera. Akatuluka amatsika, amayenda pansi ngati madzi otayika, amadzaza kunsi kwa matebulo, munthu ali chiimire osamva kanthu. Mphuno ya munthu ili m'mwamba, ndiye mphuno ya makina iyenera kukhala kumapazi. Anagwedeza mutu nati, "Kansi ku Lusaka munaphunziradi." Ndinabwerera kunyumba ndikuimba m'minibasi.

Chinandidetsa nkhawa chinali chimodzi. Apongozi pa ukhondo sanyengerera. Fumbi la Kabwe amadana nalo ngati mfiti, ndipo pokolopa sathira madzi, amakhuthula ndowa yonse. Madzulo ake ndinauza mkazi wanga kuti, "Amake mwana, mukawauze amayi kuti timphuno tija timadana ndi madzi ndi fumbi. Azitisamala pokolopa." Basi, ndinathera pomwepo. Iye anakapereka uthengawo monga ndinaunenera, osachotsa, osawonjezera.

Chinatsala n'kuyesa pamaso pa komiti. Kuyesa kwenikweni kumafuna kachitini ka gasi woyesera, kamene umapopera pa kamphuno kuti uone ngati kakumva. Kachitiniko kanachedwa masabata awiri kuchokera ku Lusaka, ndipo masiku onsewo sindinapondeko kuholo. Katafika tinapangana Loweruka, teni koloko m'mawa, tsiku lomwenso kunali ukwati masana. Ndinasita malaya oyera. Ndinauza ngakhale anzanga ondiseka aja kuti abwere adzatseke makutu.

Ndinafika kutatsala theka la ola. Chitseko chinali chotsegula, pansi pakuwala polishi wofiira, apongozi ali okha kuchipinda chosungira ziwiya, akuwerenga mapoto. Ndinaomba m'manja pakhomo, iwo anayankhira khoma, ine n'kulowa. Nditaponya maso kunsi kwa khoma, chikwama chinandipulumuka.

Timphuno tonse titatu tinali titavala. Aliyense, pepani, kalikonse kanali ndi kadiresi kake ka chitenje cha chigwirizano cha amayi, kosokedwa mwaluso, m'mphepete moluka ndi ulusi woyera ngati nsalu zophimbira wailesi. Ndinagwada n'kukhudza. Mkati munali pulasitiki yokhuthala, yosokeredwa bwinobwino, ndipo kukamwa kwake anakoka ndi ulusi mpaka kugwira khoma kuti thi. Dontho la madzi silikanalowa. Fumbi silikanalowa. Gasi nayenso sakanalowa.

Asa! Ndinatuluka thukuta m'malaya oyera aja. Masabata awiri amayi akhala akuyatsa mbaula m'chipinda chimene alamu yake inali yotsekedwa mphuno, onse mitima ili m'malo poganiza kuti akutetezedwa. Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire ndani? Uthenga wa theka ndinatumiza ndine. Sindinanene kuti tinthu timeneti timafunika mpweya.

Ndinaimbira mkazi wanga. Foni inangolira yokha. Iye amagwira ntchito kundende ku Mukobeko, ndipo akalowa m'kati foni imatsala pageti mpaka madzulo. Ndinaganiza zongodula ulusi mwakachetechete n'kubisa timadiresito m'chikwama. Koma ndimawadziwa apongozi anga: pofika Lolemba akanasoka tina, tolimba kuposa pamenepa. Kudikira amayi ena kuti andinenere? Ndiye kuti nkhani ifika ku Nakoli dzuwa lisanapendeke, yakuti mkulu wa khitchini anaphimba alamu mkamwini wake n'kumuyalutsa. Kudikira komiti ndiye kuposa apo. Zinafunika kuti iwo eni amve, amvetse, anthu asanafike.

Ndinayamba mwa njira yathu. Ndinayang'ana sinki n'kunena mokweza pang'ono, "Timadiresi tokongola zedi. Kaya tinthu timeneti tikupuma bwanji m'katimo."

Apongozi anatulukira, nayang'ana zenera. Mawu awo anali odzaza chimwemwe. "Chinthu cha mtengo sachisiya chamaliseche. Akamwini anagwira ntchito yaikulu, ife tingaiwononge ndi madzi? Maso awa ndi okalamba koma singano saiphonya."

"Komatu mphuno ikatsekedwa siimva fungo," ndinauza sinki ija.

"Zimamva bwino kwabasi," anauza zenera. "Tsiku lililonse timayesa."

Anapita pabokosi lija n'kudina batani loyesera. Sayirini inang'amba holo yonse, nyali yofiira ikuphethira panja, agalu a ku Railways n'kuyamba kuuwa. Anaisiya, nakonza duku lawo monyadira. Kunena zoona, ngakhale ndinali m'madzi otentha, mtima wanga unadumpha kumva kulira kumeneko. Inali ntchito ya manja anga, ndipo inkalira mwaukali! Koma batani lija limangoyesa pakamwa pa alamu. Za mphuno silidziwa kanthu. Ndiye ndikanalongosola bwanji zimenezi kwa sinki?

Ndinatulutsa kachitini kaja. Ndinagwada pa kamphuno ka pafupi ndi mbaula yaikulu, ndinauza khoma kuti, "Uyu ndi gasi weniweni, yemwe uja wa m'silinda," n'kupopera pa kadiresi. Tinadikira. Zii. Ndinapoperanso, nthawi yaitali, mpaka fungo linandifika ine amene. Zii. Kubokosi nyali yobiriwira inkangoyaka mwamtendere ngati palibe chachitika. Ndinamva mapazi a apongozi akuyandikira, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Mwina kachitiniko n'kakale," anatero, koma mawu anali atatsika.

Panja ndinamva galimoto ya tcheyamani ikuima pageti, zitseko zikumenyedwa, anthu akupatsana moni. Nthawi yolankhula ndi makoma inali itatha. Ndili chigwadire ndinatembenuka, ndinaomba m'manja katatu, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire ndinakweza maso n'kuwayang'ana.

"Amayi, mundikhululukire, ndilankhula ndi inu. Cholakwa ndi changa, ndinatumiza mawu osakwanira. Nsalu izi zikutseka gasi. Paipi ikadzabooka, alamu iyi sidzalira. Mudzayatsa machesi muli pakati pa gasi, inu ndi amayi onse ndi ana ali kumsana. Ine sindingapirire zimenezo. Ndikuopa, amayi. Kuli bwino mundiyese wamwano."

Ndinayembekeza kuti atembenuka n'kutuluka, ndipo madzulo kukhala mlandu wa ankhoswe. Iwo anayang'ana kadiresi kaja, ntchito ya masiku ambiri ya maso okalamba. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la epuloni, natulutsa kalumo kawo kosokera, n'kugwada pansi pambali panga. Apongozi anga, phewa ndi phewa ndi ine, pa polishi wofiira! Anadula ulusi okha, mfundo imodzi imodzi, mpaka kadiresi kanagwera m'manja mwawo.

"Poperani," anatero. Anauza ine, osati zenera.

Ndinapopera. Sindinawerenge n'kufika pa teni. Sayirini inaphulika, nyali ya pabokosi inasanduka yofiira, ndipo kuseri kwa khoma ndinamva valavu ikudzitseka kuti kha! Ndinakuwa ngati mwana, "Yamva! Amayi, yamva!" Iwo anagwira pakamwa, kenaka anayamba kuseka, misozi ikutsika, n'kukwawa ndi maondo kupita pa kamphuno kachiwiri, lumo lili m'manja. Tinayesa kachiwiri, kanalira. Kachitatu, kanalira. Pamene tcheyamani ndi komiti ankalowa akuthamanga, zala zili m'makutu, timadiresi tonse tinali m'thumba la epuloni, ndipo anangopeza mkamwini ndi apongozi ake atagwada pamodzi pansi pa sinki. Anzanga ondiseka aja anali pazenera, maso ali tong'o.

Ndinazimitsa sayirini, ndinatsegulanso valavu, ndinalongosola zonse monga ndinakonzera: alamu ikalira osayatsa machesi, osakhudza switchi ya magetsi, tsegulani zitseko, tulukani nonse. Kachitini koyesera kazigwira ntchito mwezi uliwonse, batani lokha si umboni. Pokolopa, nsanza yofinya ndi yokwanira pafupi ndi timphuno, ndipo pasakhale ndowa, thumba la ufa kapena nsalu iliyonse patsogolo pake. Pa mawu omalizawo sindinayang'ane munthu. Komiti inaomba m'manja, ndipo tcheyamani anafunsa kuti ndani azikumbutsa za kuyesa kwa mwezi ndi mwezi.

"Ine," anatero apongozi. "Ndizimuitana ndekha mwana wangayu."

Anthu atatuluka kukaona masilinda, iwo anatsalira. Anandigwira dzanja, chinthu chimene sichinachitikepo, nandiyang'ana osaphethira. "Mukanakhala chete chifukwa cha ulemu, mukanandiika m'manda ndi ulemu wanuwo," anatero. "Pa za moto muzindiuza pamaso. Zinazo tizipitiriza ndi khoma."

Ndinaseka. Ndinali ndisanaonepo nkhope yawo pafupi chotero. Pansi pa diso lawo lamanzere pali kadontho kakuda, pamalo pomwepo pamene mwana wanga wamkazi ali nako, ndipo zaka zonsezo ndinkauza anthu kuti mwanayo anatengera kwathu.